Mpopi ukamadontha, chitseko nacho chikakana kutseguka

Mwafunsa kuti munthu angatani kuti asapse mtima zinthu za m'nyumba zikamaonongeka motsatizana, monga zakuchitikirani inu, kuti mpopi wayamba kudontha tsiku lomwelo limene chitseko cha kuchipinda chakana kutseguka.

Ine ndimaona kuti kuseka kumathandiza, koma kumathandiza bwino ngati mwayamba mwatseka madzi pa valavu yaikulu, chifukwa nthabwala sizikolopa pansi. Mpopi ukamadontha, kawirikawiri vuto limakhala kalabala ka m'kati kamene kamaperepeseka chifukwa chopanidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kutseka mpopiwo mwamphamvu kumangokamaliza msanga. Zimenezi ndinaziphunzira mochedwa. Tsiku lina ndinamasula mpopi ndisanatseke madzi, madziwo anathovoka n'kundimenya kumaso, ndipo ana anga, amene ndinawaitana ndekha kuti adzaone luso la bambo awo, anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndikanakalipa, tsikulo likanaipira tonse, koma nditadziona ndili noninoni, sipanala ili m'manja, nanenso ndinaphulika kuseka, kenako tinakolopa limodzi.

Chitsekocho musachigunde ndi phewa. Matabwa amafufuma kukakhala chinyezi, choncho yang'anani pamene chikukhudza felemu, mupalepo pang'ono, komanso muone ngati zomangira za mahinjesi sizinakhwepe.

Za magetsi zokha ndiye sindichita nazo nthabwala. Mukamva fungo la waya wopsa, kapena soketi ikamathetheka, zimitsani magetsi a nyumba yonse n'kuitana wodziwa ntchitoyo.