Bwanji kuwala kofiira kumatambalala kwambiri pa diffraction?

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti pa diffraction (kupatuka kwa kuwala kukadutsa pa timing'alu tating'ono) kuwala kofiira ndiko kumapatukira kutali, chonsecho mu prism (galasi la ngodya zitatu lomwe limagawa kuwala m'mitundu) kofiira komweko kumapindika pang'ono. Buku lanu silinalakwitse ayi. Zomwe zikuchitika m'malo awiriwa n'zosiyana.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo wavelength ndi mtunda wochokera pansonga ya funde limodzi kukafika pansonga ya lotsatira. Timatochi ta laser tofiira nthawi zambiri timatulutsa kuwala kwa wavelength ya 650 nm (nanomita), tobiriwira 532 nm. Kuti mupeze nm imodzi, gawani milimita m'zigawo 1 miliyoni.

Kuwala kukadutsa pa timing'alu tiwiri toyandikana, monga anachitira Thomas Young kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pakhoma pamaoneka mizere yowala ndi yamdima. Mzere wowala umabwera pamalo pomwe funde la pamng'alu wina layenda ulendo woposa wa linzake ndi wavelength imodzi yathunthu, kapena ziwiri, kapena zitatu, moti nsonga imakumana ndi nsonga n'kuwonjezerana mphamvu. Apa ndiye pagona nkhani. Funde likakhala lalitali, kusiyana kwa maulendowa kuyenera kukula, ndipo kumakula mukamapita cham'mbali. N'chifukwa chake mizere yofiira imatalikirana. Ambiri amangoloweza d sin θ = mλ, koma ikunena zimenezi basi: d ndi mtunda wa pakati pa timing'alu, θ ndi ngodya yomwe kuwala kwapatukira, λ ndi wavelength, ndipo m ndi nambala ya mzere wowala.

Tiyese ndi manambala. Timing'alu titalikirane 0.25 mm, khoma likhale pa mamita 2. Mizere yofiira italikirana 5.2 mm, yobiriwira pafupifupi 4.3 mm.

Ngati muli ndi CD yakale m'kabati, musataye. Timizere take timatalikirana 1,600 nm, choncho imagwira ntchito ngati grating, chipangizo cha timing'alu kapena timizere tambirimbiri toyandikana. Iwalitseni molunjika ndi laser yofiira, kadontho koyamba kapatuka madigiri pafupifupi 24, pomwe kobiriwira kapatuka 19. Koma chonde samalani maso, kuwalako kumabwerera mbali zingapo.

Za prism n'zachidule. Mulibe ming'alu mmenemo. Galasi limachedwetsa kuwala, ndipo la wavelength yaifupi, monga violet wa 400 nm, limalichedwetsa kwambiri, ndiye violet ndi amene amakhota kwambiri. Pamayeso yambani mwaona ngati funso likukamba za prism kapena grating musanajambule mitundu, chifukwa dongosolo lake limatembenuka.