Mzere wautali ku banki: kodi tilembe antchito ena?

Funso: Ndimayang'anira nthambi ya banki ina ku Nchalo. Mwezi ukamatha mzere umafika panja, anthu n'kumapsa ndi dzuwa, koma masiku ena matela amangokhala. Akulikulu akuti tiziona ziwerengero za antchito. Ndiyambire pati? Mayi wodandaula, Nchalo.

Yankho: Mayi, musathamangire kupempha antchito ena. Yambani ndi zomwe muli nazo kale: kaundula wa nthawi yofika ndi yoweruka, masiku a tchuthi, ndi zolemba za kompyuta ya tela aliyense, popeza ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka imalembedwa ndi nthawi yake. Tengani za miyezi itatu, muziyale mu Excel ola ndi ola. Avereji ya mwezi wonse imanama, chifukwa imasakaniza tsiku la malipiro a ku Illovo ndi Lachiwiri lopanda anthu.

Tiyerekeze kuti kuyambira 9 mpaka 10 koloko m'mawa mwabwera anthu 60, aliyense n'kutenga mphindi 4 pakauntala. Zimenezo ndi mphindi 240, kutanthauza matela anayi osadzuka pampando. Ikani asanu, chifukwa netiweki imagwa ndipo wina amapita kukatenga ndalama kuchipinda chosungira. Kawirikawiri mupeza kuti anthu alipo okwanira, kungoti awiri anapatsidwa tchuthi sabata ya malipiro, enanso amapitira limodzi ku nkhomaliro. Tchuthi chisunthireni pakati pa mwezi, makamaka nyengo yodula nzimbe ndi yogula thonje.

Pamene ambiri amaphonya ndi poyeza tela ndi liwiro lokha. Tela womva Chisena ndiye amene agogo amamudikirira: awalembere fomu, awadinditse chala, awerenge nawo ndalama kawiri. Pakompyuta aoneka waulesi, pomwe ndiye wagwira ntchito yovuta. Mukamudzudzula, mawa ayamba kuwakankhira agogowo kwa mnzake. Choncho gawani ntchito m'mitundu yake, tela wothandiza otapa ndalama afanizidwe ndi mnzake wa ntchito yomweyo, wotsegula akaunti payekha.

Onaninso nthawi imene mashoti (ndalama kuperewera tela akamawerengera) amachitika. Akamachuluka masana a October kwa anthu amene agwira ovataimu masiku otsatizana, kumeneko n'kutopa, ndipo maphunziro sangakuthetse. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata. Sinthanitsani matela pakauntala pakatha maola awiri, mwezi wamawa muwerengenso mashotiwo.