Zoti nyumba zatsika mtengo ku Toronto

Eee amalume mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha ndinali ku shifiti ya usiku. Meseji yanu ija ndaimva, mukufunsa kuti poti nyumba zatsika mtengo kuno ku Toronto bwanji ine ndi bambo a ana osangogula yathu m'malo momataya ndalama pa lendi mwezi ndi mwezi. Zatsikadi amalume, si bodza ayi. Mu February 2022 mtengo wapakatikati unadutsa madola a ku Canada 1.3 miliyoni, pano watsikako ndithu makamaka ma condo, mafulati a m'nyumba zosanja zija. Koma zatsika kuchokera kumwamba kwenikweni, dzanja la munthu wodalira salale silikufikabe.

Nkhani yagona pa chiwongoladzanja. Nthawi ya Covid Bank of Canada, banki yaikulu ya dziko lino, inachitsitsa mpaka 0.25 peresenti, anthu onse kuthamangira ngongole, nyumba imodzi kuilimbirana anthu ambirimbiri, mitengo n'kuuluka. Kenako kuyambira March 2022 anayamba kukweza, pofika July 2023 chinali pa 5 peresenti, ogula anangoti zii. Anayambanso kutsitsa mu June 2024 koma sichinabwerere pamene chinali paja ayi, ndiye mtengo wa nyumba watsika inde koma yomwe umapereka ku banki pamwezi ikadali yowawa.

Ifetu tinapita ku banki amalume, tinakhala pansi ndi mayi wina atatenga kakyuleta. Condo ya 600,000 yazipinda ziwiri, dipoziti yochepetsetsa ndi 5 peresenti pa 500,000 yoyambayo ndi 10 peresenti pa yotsalayo, ndiye kuti 35,000 m'manja. Kenako pali chomwe amati stress test, amaonjezera 2 peresenti pa chiwongoladzanja chomwe akupatsa kuti aone ngati ungapirire zinthu zitavuta, apa ndi pomwe tinagwera. Mayi uja anangotembenuza sikirini kutionetsa nambala yomwe angatibwereke, ine ndi bambo a ana tinangoyang'anana. Komanso mu Toronto muno msonkho wosinthira umwini umalipira kawiri, wa chigawo chathu cha Ontario ndi wa mzinda, ndiye pa condo palinso mafizi okonzetsera nyumba mwezi uliwonse, amenewo satha mpaka kalekale.

Koma amene akundimvetsa chisoni kwambiri ndi mnzanga wina wa kuntchito. Anasainira condo mu 2021 isanamangidwe n'komwe, kungoona pulani papepala, anapereka dipoziti yomwe anasunga zaka ndi zaka. Pano nyumba yatha, a banki atumiza munthu wodzayesa mtengo wake, akuti siikufika pa ndalama yomwe anasainira, ndiye banki ikubwereka malinga ndi mtengo wa lero, kusiyanako apeze yekha. Akathawa dipoziti yapita, kampani yomangayo ikhozanso kumusumira. Pa buleki amangokhala phee foni m'manja, chakudya osadya, mpaka ndimachita kumukakamiza. Zimandiwawa chifukwa sanachite zachibwana ayi, amangofuna ana ake akhale ndi pawo.

Ndiye musaone ngati tikugona amalume, tikusunga pang'onopang'ono, bambo a ana atenganso ganyu ya Loweruka. Lendi nayo yayamba kufewako, landilodi wathu chaka chino sanakweze. Tikhala kaye pompano, kontirakiti yathu ikamatha tidzapitanso ku banki kuja tikaone ngati nambala ija yasintha, ndidzakuuzani. Mupereke moni kwa azakhali, ndiwaimbira Lamulungu ndikaweruka.