Tifunseni: Maposita a omenyera ufulu asasuluke pakhoma

Funso: Ndine mphunzitsi pasekondale ina ku Chiradzulu. Ndikufuna kupachika mulaibulale yathu maposita a omenyera ufulu wa anthu akuda, a ku America ndi a kuno ku Africa. Awiri amene ndinasindikiza chaka chatha anasuluka msanga, komanso nkhope zake sizinkaoneka bwino kuyambira tsiku loyamba. Ndisankhe ati, nanga nditani kuti akhalitse?

Yankho: Aphunzitsi, posita yabwino ndi imene mwana angaime nayo n'kufunsa funso. Ife tingayambe ndi chikwangwani cha ku Memphis, ku America, cha mu 1968, cha zilembo zakuda zikuluzikulu zoti I AM A MAN. Ananyamula ndi ogwira ntchito yotaya zinyalala pafupifupi 1,300 amene ananyanyala ntchito anzawo awiri atapswanyidwa ndi makina a lole ya zinyalala. Mawuwo ankayankha azungu amene ankaitana bambo wa imvi kuti "boyi", ndipo mawu amenewa ana anu awamvapo kwa agogo awo. Martin Luther King Jr anapita kumeneko kukawalimbikitsa, n'kuwomberedwa pa 4 April 1968.

Pa Rosa Parks musamale, ambiri amalakwitsa. Iye anamangidwa pa 1 December 1955 ku Montgomery, ku America, atakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Koma chithunzi chotchuka chija, atakhala m'basi akuyang'ana pazenera, chinajambulidwa mu December 1956, kunyanyala mabasi kwa masiku 381 kutatha, ndipo mzungu amene wakhala kumbuyo kwake ndi mtolankhani. China chimene wanyamula nambala 7053 n'cha February 1956, pamene anamangidwanso. Lembani deti loona pansi pake.

Za ku Africa, funani maposita a Medu Art Ensemble, gulu la othawa tsankho la ku South Africa limene linkasindikizira ku Gaborone n'kumawazembetsa kudutsa malire. Mmodzi mwa ojambula ake, Thami Mnyele, anaphedwa pa 14 June 1985 asilikali a South Africa atathira nkhondo mumzindawo. Ndipo poti muli ku Chiradzulu, John Chilembwe asasowe: anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pasukulu ya Abaptisti akuda, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission. Ndiye amene akulumikiza mbali zanu ziwirizo, ya ku America ndi ya ku Africa.

Tsono za nkhope zosaoneka bwino. Vuto ndi chithunzi chochepa chokokedwa kuti chikule. Pepala la A3 ndi 297 mm ndi 420 mm, ndipo kuti lituluke looneka bwino pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pamafunika chithunzi cha mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 3508 ndi 4961. Theka lake lingachite ngati posita ikuonedwa chapatali, koma osatsika kuposa pamenepo. Chithunzi chotengedwa pa Facebook kapena chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chitafinyidwa kale. Tengani fayilo yaikulu pa webusaiti ya Library of Congress kapena National Archives ya ku America, werengani ngati ndi yololedwa kusindikiza, ndipo kwa osindikiza pitani nayo pa fulashi.

Kusuluka kumabwera ndi inki komanso dzuwa. Maprinta ambiri a inkjet a m'mashopu amagwiritsa ntchito inki ya dye, imene kuwala kumaidya msanga; mitundu yofiira ndi yachikasu ndiyo imayamba kuchoka, n'chifukwa chake posita yakale imasanduka yabuluu. Pemphani printa ya leza kapena inki ya pigment, imene sisuluka msanga, papepala losanyezimira la 170 mpaka 200 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). Pachikani pakhoma limene dzuwa la pazenera silifikapo, ngakhale la ola limodzi patsiku.

Musamate pakhoma penipeni. M'dzinja khoma limatuluka chinyontho, pepala limachita nkhungu n'kupindika, ndipo phala la ufa wa chinangwa limaitana mphemvu ndi chiswe. Selotepi nayo imauma n'kusiya banga lachikasu losachoka. Kalipentala akudulireni hardboard (thabwa lopyapyala) yoikapo positayo, kumbuyo akhomere timatabwa tiwiri ta 1 cm kuti mphepo izidutsa.

Lamineshoni (kukutira pepala ndi pulasitiki pamakina) ndi yabwino pa kope la lero limene ana aziligwiragwira. Siyani mphepete ya 5 mm kuzungulira kuti pulasitiki imatane. Koma wina akakupatsani posita yeniyeni ya zaka zimenezo, isayandikire makinawo, chifukwa pulasitikiyo ikalowa m'pepala situlukanso. Imeneyo igoneni mosapinda m'foda, pakhoma pakhale kope lake.