Tizamoyo ta m'madzi sitofanana kulikonse

Mwafunsa ngati tizamoyo ta selo imodzi ta m'nyanja zamchere ndi tomwe tija timapezeka m'nyanja zopanda mchere. Ayi ndithu, ngakhale kuti pa maikulosikopu tambiri timaoneka ngati timipira kapena timitengo tofanana. Kusiyana kwake kumabisala mu DNA.

Mchere ndiwo mpanda waukulu. Kachamoyo kozolowera madzi amchere kakagwera m'madzi opanda mchere, madzi amakalowerera mpaka kutupa, mwinanso kuphulika. N'chifukwa chake mitundu yomwe inakwanitsa kuwoloka ndi yochepa. Mabakiteriya a gulu la SAR11 adzaza nyanja zamchere, koma m'nyanja zopanda mchere muli abale awo otchedwa LD12, omwe anapatukana nawo kalekale.

Chimene chimandizizwitsa ine ndi Prochlorococcus, kabakiteriya ka m'nyanja zamchere kamene wasayansi Sallie Chisholm ndi anzake anakalengeza mu 1988. N'kochepa kosafika ngakhale maikulomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), koma kamadzipangira chakudya ndi dzuwa ngati chomera. Dzina ndi limodzi, majini (malangizo a mu DNA) ndiye ayi: tina timakonda pamwamba powala, tina pansi, mamita oposa 100, pomwe kuwala n'kwachizimezime. Kumadzi ozizira kwambiri akufupi ndi Antarctica simungakapeze.