Marimu a 17 pa Vitz: yezani kaye musanapereke ndalama

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha ndili ndi pepala ndi cholembera, chifukwa ena angokuuzani kuti "alowa, mabowo ndi anayi omwewo" ngati nkhani yathera pomwepo. Mwati muli ndi Vitz ya 2008, ya injini ya 1.0, ikuyendera matayala a 165/70R14, ndipo wina akukutsatsani marimu a mainchesi 17 olembedwa 7J ET35. Mukufuna kudziwa ngati angalowe komanso ngati sangakuwonongereni galimoto. Kulowa akhoza kulowa. Koma ndikanakhala ine sindikanawagula, ndikanasaka a 15, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Za mabowo tisachedwe nazo, koma musangowerenga kuti alipo anayi. Vitz yanu ndi 4x100. Tengani rula, muyeze kuchokera pakati pa bowo limodzi kukafika pakati pa bowo loyang'anizana nalo, mupeze mamilimita 100. Nissan Tiida yakale ija ilinso ndi mabowo anayi koma ndi 4x114.3, Ford Fiesta ndi 4x108. Amenewa akana okha. Oopsa ndi a 4x98 ochokera ku Fiat, chifukwa amalowa mokakamiza, munthu n'kumanga manati ndi mphamvu n'kumati zatheka, pamene mabawuti akupindika pang'onopang'ono.

Chibowo chapakati chija nachonso chili ndi muyezo wake. Pa Vitz ndi mamilimita 54.1, chimodzimodzi ndi Mazda Demio. Rimu ya chibowo chochepera apo sikhala pa habu, chitsulo chimene gudumu limamangidwapo. Marimu ogula padera ambiri amabwera ndi chibowo chachikulu, 67.1 kapena 73.1, kuti alowe ku galimoto zosiyanasiyana, ndiye pamafunika tizingwinjiri tapulasitiki kapena tachitsulo totseka mpatawo. Popanda timeneti rimu siikhala pakati penipeni, mukafika cha m'ma 90 chiwongolero chimayamba kunjenjemera, mumapita kokapangitsa balansi kawiri katatu osasintha kanthu. Muonenso manati. Ulusi wa Toyota ndi M12x1.5, wa Nissan ndi M12x1.25, osasakaniza. Ndipo pokhalira nati m'bowo la rimu pamasiyana: marimu ogula padera ambiri amafuna nati yosongoka ngati fanulo, pamene marimu a aluminiyamu a Toyota enieni amafuna yafulati ya washala.

Tsopano ku ET35, kumene anthu ambiri amagwera. ET ndi ofuseti, ndipo ofuseti ndi mtunda wochokera pakatikati pa m'lifupi mwa rimu kukafika pamene rimuyo imagundana ndi habu, m'mamilimita. Nambala ikakula rimu imalowera mkati, kufupi ndi shoko. Ikachepa imatulukira kunja, kumadigadi. Vitz ya 14 imabwera ndi rimu ya 5J, ofuseti 39. Munthu akaona 39 ndi 35 amati kusiyana kwake ndi mamilimita 4 okha, palibe vuto. Waiwala m'lifupi.

Tiwerengere limodzi. 5J ndi mainchesi 5, omwe ndi mamilimita 127, theka lake 63.5. Chotsani 39, mutsala ndi 24.5, umenewo ndi mtunda umene rimu yanu ya lero imatulukira kunja kuchokera pa habu. Phatikizani 39 ku 63.5, mupeza 102.5, mtunda umene imalowera mkati. 7J ndi mamilimita 177.8, theka lake 88.9. Chotsani 35, mupeza 53.9 kunja. Phatikizani 35, mupeza 123.9 mkati. Ndiye kuti marimu akukutsatsaniwo atuluka kunja mamilimita pafupifupi 29 kuposa a lero, ndipo alowa mkati mamilimita 21. Kunjako ndi pafupifupi masentimita atatu. Pitani pa galimoto yanu, muike zala ziwiri pambali pa tayala lakumbuyo, muone ngati zikutsala mkati mwa madigadi. Pa Vitz malowo ndi ochepa kwambiri.

Galimoto ikaima yopanda munthu mudzaiona ikukongola, tayala lili ndendende ndi bodi. Vuto limayamba Lamlungu, mwanyamula akunyumba ndi ana kumbuyo, thumba la chimanga m'buti, n'kukwera hampu. Kumbuyo kukatsika mumva kuti khwee, madigadi akupala tayala. Kutsogolo n'kumene mumamva pokhota mpaka chiwongolero kutha, tayala likukhula pulasitiki wa mkati uja mpaka kumubowola. Ena amathamangira kukhoma madigadi ndi nyundo kapena kuika masipesa, tizitsulo toika pakati pa habu ndi rimu. Sipesa imathandiza rimu imene ikukhudza mkati basi, kwa inu ingowonjezera kutuluka kunja. Ndipo rimu ikatulukira kunja kwambiri kulemera kwa galimoto kumapendekera mbali imodzi ya beringi, mudzazisintha msanga kuposa kale.

Komabe chimene chikundikanitsa kwenikweni si ofuseti, ndi tayala. Pa 165/70R14, 70 uja akutanthauza kuti khoma la tayala ndi 70 peresenti ya 165, ndiye mamilimita 115.5 a labala ndi mpweya pakati pa rimu ndi msewu. Gudumu lonse kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 587, ndipo mukamasintha marimu kutalika kumeneku kumayenera kukhala pafupi pomwepo, kusiyana kusapitirire 3 peresenti. Kuti 17 akwane m'menemo mufunika 205/40R17, yomwe khoma lake ndi mamilimita 82 okha. Mwataya masentimita opitirira atatu a labala. M'misewu yathu ino labala ameneyo ndiye amayamba kulandira dzenje shoko isanamve n'komwe.

Ine ndinaphunzira ndi Demio. Ndinaika 17 omwewa, 205/40, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkaimika galimoto n'kumaicheukira. Tsiku lina ndikuchokera kunyanja madzulo, mvula itangokata, ndinalowa m'dzenje lodzaza madzi lomwe ndinkaliona ngati chithaphwi wamba. Kunamveka ngati wina wamenya mgolo. Nditatsika ndi tochi ya foni ndinapeza mlomo wa rimu yakutsogolo wapindikira mkati ngati supuni, mpweya ukuchita kulira, ndipo lakumbuyo la mbali yomweyo latupa chotupa ngati dzira. Matayala awiri, sipeya imodzi, kaja kakang'ono kobwera ndi galimoto za ku Japan. Kutacha ndinazungulira malo onse okonzera matayala pa tilediyo, a 14 ndi 15 ali mbwee, ngakhale a kaunjika, koma 17 wa 40 aliyense ankangopukusa mutu. Rimuyo anaiwongola, koma kuyambira pamenepo inkataya mpweya pang'onopang'ono, Lolemba lililonse ndimayamba ndi kupopetsa. Dzenje lomwelo minibasi ndi tigalimoto ta 14 tinkangodutsa.

Wina akuuzani kuti ikani 205/45R17 kuti labala achuluke. Pamenepo gudumu lifika mamilimita 616, lakula ndi 5 peresenti. Kukhula kuja kuwonjezeka, ndipo sipidomita iyamba kukunamizani: pamene ikuloza 80 mukhala mukuthamanga makilomita 4 pa ola kuposa mmene munkathamangira ndi matayala akale, apolisi a kamera sadzamva zoti ndi marimu. Musaiwalenso kuti injini yanu ndi 1KR ya masilinda atatu. Kuiveka magudumu aakulu ndi olemera kuli ngati kumuveka mwana majombo a bambo ake. Ponyamuka izichita ulesi, pokwera zitunda za ku Dedza muzimva ikudandaula, mafuta nawo azitha msanga, pamene Vitz munaigulira kusunga mafuta komweko.

Ndiye ngati mukufuna galimoto ioneke bwino, sakani 15 a 4x100, m'lifupi 5.5J kapena 6J, ofuseti ya pakati pa 38 ndi 45. Mwachitsanzo 6J ET40 ituluka kunja mamilimita 12 okha ndi kulowa mkati 14, ndiye imadzaza madigadi bwinobwino osakhudza kanthu. Tayala lake 185/55R15, kutalika mamilimita 584.5, pafupifupi chimodzimodzi ndi la lero, khoma mamilimita 102. Mukalisowa, 175/60R15 kapena 195/50R15 nawonso ali m'malire. 185/60R15 amapezeka mosavuta ndipo amakweza galimoto pang'ono, koma ali kumapeto kwa 3 peresenti ija, ndiye amenewo yesani ndithu musanagule anayi. Ine ndimakonda marimu akale ochotsedwa ku galimoto za ku Japan kuposa atsopano onyezimira opanda dzina. Yang'anani chidindo cha JWL, chosonyeza kuti rimu inakwanira muyezo wa ku Japan, ngakhale masiku ano achinyengo nawonso amadinda, choncho muitembenuzenso muone ngati inawotcheredwapo kapena ili ndi mng'alu kuseri kwa masipoko.

Kaya mwasankha 15 kaya mtima wakakamira 17, musalipire marimu ali pansi. Pitani ndi galimoto, amange imodzi kutsogolo ndi imodzi kumbuyo zili ndi matayala. Ili pa jeke zungulizani gudumu ndi dzanja, mumvetsere ngati masipoko akukhudza kalipa ya mabuleki, mupisenso chala pakati pa tayala ndi shoko, chizilowa momasuka. Itsitseni, mukhotetse chiwongolero mpaka kutha uku ndi uku, chamtsogolo ndi chambuyo. Kenako kwezani anyamata atatu a pamalopo kumpando wakumbuyo, mukadutse pa hampu yapafupi mawindo ali otsegula. Manati amangidwe ndi sipanala ya toku pa 103 Nm, osati kudumphira pa chitsulo, ndipo mukayenda makilomita 50 kapena 100 mukawabwereze.

Muuzeni wogulitsayo atembenuze rimu imodzi ajambule kuseri kwake, pamene pamadindidwa manambala, ajambulenso rula ili pa chibowo chapakati. Mutumize zithunzizo pano tiwerengere limodzi, chifukwa ndaonapo marimu otsatsidwa kuti ET35 kuseri atalembedwa 25.