Ndisiye ntchito ndigule njinga ya kabaza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chirimba, wa zaka 32, kalaliki pa kampani ina ku Limbe. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Ndakhala pa mpando umodzimodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Malipiro amatha pa 10, kuchokera apo ndi ngongole basi. Anzanga amene tinalemba nawo Fomu 4 ali ndi mageni awo, ena agula kale malo. Ndikufuna kusiya ntchito, nditenge ngongole, ndigule njinga yamoto ndiziyendetsa kabaza. Mayi akunyumba akukana. Kodi ndilole mantha awo andibweze m'mbuyo?"

Achimwene, musasiye ntchito panopa. Sindikunena kuti ntchito yanuyo ndi yabwino. Malipiro otha pa 10 ndikuwadziwa, ndinawadyapo. Koma m'kalata yanu yonse mulibe nambala ngakhale imodzi ya kabazayo: njinga ikugulitsidwa zingati, patsiku mungapeze zingati, mafuta angadye zingati. Muli mkwiyo wokhawokha, ndipo mkwiyo subweza ngongole.

Ndikuuzeni zanga. Kumayambiriro kwa 2022 ndinagula njinga yamoto, ndinaipereka kwa mnyamata wina wakumudzi kwathu. Tinagwirizana tageti yoti azibweretsa madzulo alionse, yotsalayo ndi yake. Mwezi woyamba ndinkayenda modzimva. Amafika cha m'ma 8 usiku, n'kutulutsa ndalama zopindapinda m'sokosi, zina zonyowa ndi thukuta, ine n'kuziponya m'thumba lomwelo la ndalama ya ndiwo. Apo ndi pamene ndinalakwitsa, ngakhale nthawi imeneyo sindinkaona. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Tcheni, matayala, oyilo, mabuleki, zonsezo zimachokera kunja, ndiye zinakwera nthawi yomweyo. Kenako mafuta anayamba kusowa, mnyamata n'kumagona pa mzere ku filing'i m'malo monyamula anthu. Tsiku lina apolisi apamsewu agwira njinga, tsiku lina "bwana, lero kunalibe anthu". Kumudzi kunagwa maliro, ndipo poti aliyense ankadziwa kuti ndili ndi njinga, bokosi linagwera ine. Pamene injini inagogoda ndinalibe ngakhale tambala yokonzetsera. Ndinaigulitsa motchipa kwa makaniki amene anandiuza kuti yafa, ndipo patatha milungu iwiri ndinaiona ikuthamanga mumsewu.

Mnyamata uja sindimuda. Amene anadya mpamba ndine, pang'onopang'ono, ndi matemba ndi mayunitsi a magetsi, osalemba paliponse.

Inu mukuti muziyendetsa nokha, ndipo zimenezo zili bwinoko. Komabe werengani kaye zimene mukutaya. Lamulo la penshoni limakakamiza abwana anu kukuikirani 10 peresenti ya malipiro anu mwezi uliwonse, inu n'kuikapo 5. Ndalama imeneyo simuiona, koma ndi yanu. Mukadwala malungo masiku atatu malipiro amabwerabe. Pa kabaza, tsiku limene mwagona ndi tsiku limene ana agona ndi njala, ngongole ikuwerengabe. Onjezerani kulembetsa njinga ku Road Traffic, laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri. Ambiri amazemba zimenezi, n'chifukwa chake amakhalira kuthawa akaona yunifolomu. Ndipo kumbukirani Novembala 2023: kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munthu amene anali ndi ngongole komanso geni yodalira katundu wakunja anapwetekedwa kawiri.

Za ngongoleyo sindichulukitsa. Katapila musamuyandikire n'komwe. Banki mkhonde ndi yabwino posunga, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, choncho imayenera geni yozungulira msanga ngati ya tomato kapena kaunjika, osati njinga yobweza ndalama zake patatha chaka. Ndalama ya ku bungwe la boma lobwereketsa mpamba, lodziwika ndi maina a NEEF ndi MEDF, ndi ngongole ndithu, si mphatso ya boma monga ena amaganizira.

Tsono chitani chonchi. Pezani munthu wa njinga amene angakubwerekeni Loweruka, mugwirizane zomupatsa. Yendetsani nokha Maloweruka anayi, kuyambira m'mamawa mpaka mdima, pa siteji yeniyeni, ndi kope m'thumba. Lembani aliyense amene mwanyamula, mafuta amene mwathira, chipisi chimene mwadya masana, ndalama ya pa siteji. Mudzadziwanso zimene kope silingalembe: mmene msana umawawira pofika 4 koloko, mmene kasitomala amanenerera mtengo atafika kale, ndi mantha onyamula munthu wosamudziwa usiku, poti akuba njinga alipo ndipo sachita nthabwala. Mwina mudzaikonda. Mwina Loweruka lachiwiri lidzakukwanirani.

Koma funso limene landivuta kwambiri ndi ili: bwanji kabaza? Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukulemba malisiti, kuwerenga katundu m'sitolo, kutsata amene sanalipire. Limenelo ndi luso, ndipo mu Limbe, mu Ndirande ndi ku Chirimba komweko muli eni maokala, ma hardware ndi magalaja ambirimbiri amene sadziwa ngati akupindula kapena akungozungulitsa ndalama. Ena akufuna kupereka katundu ku makampani koma alibe dzina lolembetsedwa ku boma, alibe TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, sadziwa kulemba invoisi. Inu zimenezo ndi nsima ya tsiku ndi tsiku. Yambani ndi mmodzi, madzulo mukaweruka, mumukonzere mabuku mwezi umodzi pa mtengo wochepa. Sipafunika mpamba, ndipo kwacha ikagwa simutaya kanthu. Ngati mtima uli pa njinga basi, yang'anani amene amadya bwino pa kabaza: ndi makaniki ndi wogulitsa sipeyala, amene njinga iliyonse imawapeza okha. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ilipo kuyambira 1999, ndipo olemba ntchito amalipirako 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Soche Technical College ili pafupi ndi kuntchito kwanu. Pitani mukafunse maphunziro amene munthu wapantchito angakwanitse.

Anzanu ogula malo aja, mumaona malowo, simuona mabuku awo. Ife amuna timauzana za phindu pa bawo, za ngongole timangoti zii. Timakonda kunena kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo mwambi umenewu wathamangitsa ambiri kupita ku Johannesburg ndi ku mageni amene sanawawerengere, kungoopa kuoneka ngati akhala pansi.

Mayi akunyumba musawaone ngati chopinga. Iwo ndi amene amadziwa mtengo wa ufa sabata ino, ndi amene adzayankhe mwininyumba akabwera kudzafuna lendi inu mutabisala kuchipinda. Apatseni kope lija azisunga iwo. Tsegulani nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba ya geni yokha, ndipo mugwirizane awiri kuti ndalama ya mmenemo sigula ndiwo, sipita ku maliro, sibwerekedwa kwa alamu. Geni ikamakupatsani ndalama yofanana ndi malipiro anu miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene anthu alibe ndalama, kalata yosiyira ntchito mudzailembe, ndipo mayiwo ndi amene adzakubwerekeni cholembera.

Mukatha Maloweruka anayi aja munditumizire manambala a m'kopemo, tidzawerengere limodzi.